Mutu 5: Mwaiwathu Atumidwa Lezala

1. Matewera

Mwaiwathu ankasita matewera pakhonde, koma kasitidwe kake kanali ka munthu wosafuna kuti ntchito ithe. Ankayala thewera pathebulo, n'kuliwongola ndi zikhatho, n'kuyendetsapo simbi pang'onopang'ono mpaka m'makona. Akalitembenuza ankaima kaye, n'kutsegula simbi, n'kuuzira makala amene anali atayaka kale kuti psuu.

Ku Kafue nthawi ya mvula mwana samuveka thewera losasita. Ntchentche zimaikira mazira pa nsalu ili pachingwe, ndipo mphutsi zake zimaboola khungu. Ntchitoyi inali yofunikadi, koma sinali yoti n'kuthera m'mawa wonse wa Loweruka.

"Mwaiwathu!" mawu anachokera m'chipinda. "Kodi matewerawo ukusita kapena ukuluka? Ukadakhala ku fakitale ya nsalu akadakuchotsa ntchito lero lomwe."

"Atsala pang'ono, azakhali."

Anali a Tereza, mlongo wa atate ake. Ndiwo adamulera Mwaiwathu kumudzi ku Katete mayi ake atamwalira, kufikira pamene a Hamilton, atate akewo, adapatsidwa nyumba kudera la Estates ndi kampani ya feteleza n'kumuitanitsa kuti adzaphunzire sekondale. Tsopano azakhaliwo anali atabwera pa basi kudzathandiza Lilly kuchira. Lilly anali mkazi wa Evaristo, mchimwene wake wa Mwaiwathu.

Lilly adachira bwino m'nyumba momwemo, mwana wamkazi wonenepa, watsitsi lambiri. Koma kudzanja lamanzere la khandalo, chala chapakati ndi chinzake chovala mphete zinali zomatirirana kuyambira patsinde mpaka kuzikhadabo.

Chibadwire, mwanayo anali m'chikuta. Mayi ndi khanda satuluka m'chipinda, mwamuna salowamo, kufikira mchombo utagwa ndipo mwana atatulutsidwa. Mchombo unali utagwa dzulo lake. Mawa, Lamulungu, mwana anayenera kutulutsidwa kuti anthu amuone ndi kumupatsa dzina. N'chifukwa chake a Tereza adati zalazo zilekanitsidwe lero. Mwaiwathu ankadziwa kuti thewera lomaliza likangopindidwa, amutuma kukagula lezala.

Makala anazirala. Thewera lomaliza linapindidwa.

2. Chenjezo la azakhali

Mwaiwathu analowa m'chipinda n'kuika matewera m'beseni louma. Lilly anali atakhala pamatilesi pansi, mwana ali pamiyendo, maso atatupa.

"Khala apo ndikuuze," anatero a Tereza, "chifukwa nkhope yako kuyambira dzulo yangoti ndwii. Iwe ndi mlamu wakoyu nonse ndinu ana. Makolo athu sanali opusa pamene ankati mayi woyembekezera asaime pakhomo, asadye mazira, asadye bakha. Chimene mayi wadya, mwana amatengera. Uyu tsiku la Independensi anapita kwa amake kumtsinje kuja, nakadya bakha mimba ili apo, aliyense akuiona. Lero taonani dzanja. Sindikumunyoza ayi, mwina kwawo sadamuuze. Koma chikalakwika, akulu ndiwo amakonza."

Lilly anawerama.

"Mtengo amauwongola ukadali waung'ono. Khanda ili thupi lake likadali ngati dzungu lanthete, chilonda sichichedwa kupola. Manja angawa amanga ulusi pa zala zoonjezera za ana ambiri, zalazo n'kugwa zokha. Adula tizingwe ta pansi pa lilime, ndipo ana amenewo lero akuyankhula mpaka kutisokosa. Galu wamkota sakandira pachabe, mwanawe.

"Ndiponso taganizira za mawa. Azimayi a mu Estates muno ndawaona. Adzabwera ndi sopo ndi timalaya, adzamufunyulula mwana, adzati, ‘Koma ndiye wokongola!’ Akakangofika pampopi ayamba: ‘Kwa a Hamilton kwabadwa bakha.’ Dzina lotero silichoka. Adzapita nalo kusukulu, adzapita nalo kutchalitchi. Nanga tsiku la ukwati mphete adzaiveka pati? Ine ndikadzafa mwanayu adzati, ‘Agogo anga analipo, anangondiyang'ana.’ Zimenezo ayi.

"Tsono iwe, za kusukulu zitsale kusukulu. Mtsikana amene sanabereke sayankhula za m'chikuta. Muno walowa chifukwa nyumba za m'tauni n'zopanikiza, ndipo ndilibe wina wonditumikira. Tenga ndalama iyi ukagule lezala latsopano, la m'pepala mwake. Usauze munthu ntchito yake."

Mwaiwathu analandira ndi manja awiri. Lilly anadzutsa maso n'kumuyang'ana, kenaka anaweramanso. Mtengwa sayankha apongozi.

3. Phazi la bakha

Kunja kunali chinyezi. Utsi wachikasu wa ku fakitale ya feteleza unkakwera mowongoka, popeza mphepo kunalibe. M'ngalande ya m'mbali mwa msewu abakha a munthu wina ankachucha matope. Mwaiwathu anaima n'kuyang'ana mapazi awo.

Teremu yapitayo aphunzitsi a sayansi, a Lastone Mvula, adabwera m'kalasi ndi mapazi awiri ochokera kumsika, la nkhuku ndi la bakha. Kalasi yonse idaseka, ena n'kumati lero kuli ndiwo.

"Dzanja lako lisanakhale dzanja," adatero a Mvula, "linali lathyathyathya ngati nkhafi ya bwato, lopanda zala. Phazi la nkhuku ili nalonso linayamba choncho. Nanga ndani anasema mipata imeneyi? M'dzira mulibe mpeni."

Adadziyankha okha.

"Ndi maselo okhaokha, kuuzana. Selo lililonse lili ndi kakhungu kake kopyapyala, kamafuta. M'kakhungu kameneko mwazikika mapuloteni. Puloteni ndi chingwe chachitali, ngati cha mikanda, chimene chimapindikapindika mpaka kukhala ndi maonekedwe akeake."

Adajambula pabolodi mzere wokhuthala, n'kujambula kanthu kopyoza mzerewo.

"Puloteni yolandira uthenga ili ndi zigawo zitatu. Mutu uli kunja kwa selo. Khosi lapyoza khungu. Mchira uli m'kati. Mutuwo uli ngati kamwa ya sipanala. Inu ana a mafita okonza makina, sipanala yaing'ono imagwira nati yaikulu?"

"Ayi!" kalasi idayankha.

"Uthenga nawo ndi kanthu kamene maselo oyandikana nalo atulutsa, ndipo kali ndi maonekedwe ake. Kakakwana m'kamwa muja, puloteni imasintha kaimidwe, mchira umatekeseka m'kati, selo n'kumva. Uthenga wina umati gawika. Wina umati khala fupa. Wina umati ifa. Umu ndi mmene akatswiri akuganizira, ngakhale maonekedwe enieni a mapuloteni amenewa sanathe kuwaona onse, chifukwa n'tinthu tochepetsetsa. Ntchito imeneyo ikudikira inu."

Kenaka adanyamula mapazi aja, lina kudzanja ili, lina kudzanja ilo.

"Kwa nkhuku maselo a pakati pa zala amafa, mpata n'kutseguka. Kwa bakha ambiri amatsala, n'chifukwa chake amasambira. Kwa munthu, nthawi zina uthenga sufika, kapena wafika koma sunagwire. Pamenepo mwana amabadwa zala zitamatirirana. Zonsezi zimachitika m'miyezi iwiri yoyambirira, mwina mayi asanadziwe n'komwe kuti waima."

Oliver, mnyamata wanthabwala wa kubenchi lakumbuyo, adakweza mkono nafunsa m'Chinyanja cha m'tauni. "Ba Ticha, manje nikatenga leza nadula apa pakati, bakha izankhala nkhuku?"

"Izankhala bakha yakufa," adatero a Mvula, kalasi n'kufa nacho chiseko. Koma iwo sadaseke. Adapita pawindo natambasula phazi la bakha padzuwa. "Bwerani muone. Timizere iti ndi mitsempha ya magazi. Kwa munthu, zala ziwiri zomatirirana nthawi zina zimagawana mtsempha, zina fupa lomwe. Khungu lake silikwana kukuta zala ziwiri. Madokotala amadikira mwana akuleko, amajambula kaye mafupa, amamugoneka ndi mankhwala, kenaka amaika chigamba cha khungu. Si ntchito ya lezala, Oliver."

Tsiku limenelo Mwaiwathu adali ndi mafunso ambiri, koma sadafunse ndi limodzi lomwe. Anzake ankamutcha Kachetechete. Chilowere sekondale anali asanakwezepo mkono m'kalasi.

4. Pasiteshoni

Pagolosale anangodutsa. Analunjika kusiteshoni ya sitima, ngakhale kunali kotalikirako, chifukwa Evaristo ankagwira ntchito kumeneko yolumikiza mabogi.

Anamupeza pakati pa njanji, ovolosi ili bii ndi girizi, akukodola dalaivala wa injini kuti abwerere m'mbuyo. Mabogi anagundana kuti gwa! Evaristo anatuluka pakati pawo, ndipo atamuona mlongo wake anathamanga.

"Shani Mwai, uli bwanji? Mwana ali bwino?"

"Ali bwino, achimwene."

"Lilly?"

"Ali bwino."

"Manje wabwelela chani kuno? Ufuna sitima ikuponde?"

Mwaiwathu anayang'ana miyala ya m'njanji. Mawu onse a a Mvula anali pakhosi pake, mutu, khosi, mchira, mitsempha, koma anapiringizana. Amene anatuluka anali ochepa.

"Azakhali andituma lezala."

Evaristo anatulutsa kansanza m'thumba nayamba kupukuta zala zake chimodzichimodzi, ngakhale girizi sankachoka.

"Ni lelo?"

"Lero."

"Iwe Mwai, za mu chikuta ni za bazimai. Ine ningangene bwanji mwamene muja? Batate naonso banakamba kuti ba auntie ndiye baziba. Si beve banatibadwisa tonse? Tili na vala vingati, ine na iwe?" Anatambasula zala zake nayesa kuseka, koma chiseko chinakana.

"Koma achimwene..."

"Koma chani?"

Evaristo anamudikira. Anamuyang'anitsitsa ngati munthu amene akupempha kuti amuuze chinthu choti agwire. Mwaiwathu anatsegula pakamwa. Nthawi yomweyo kapitawo anaimba wezulo kumapeto kwa mabogi, nakuwa dzina la Evaristo.

"Uuze Lilly alimbe mtima," anatero Evaristo, nathamangira kuntchito yake.

Pobwerera Mwaiwathu analowa m'golosale. Mashelefu ambiri anali opanda kanthu, monga zinkakhalira masiku amenewo: sopo kulibe, mafuta ophikira kulibe. Koma malezala analipo, atapachikidwa pakhadi kumbuyo kwa wogulitsa.

"Ufuna chani, mwana wa sukulu?"

Mwaiwathu anafinya ndalama m'dzanja mpaka inatentha.

"Palibe," anatero, natuluka.

Panjira anapepukidwa. Anali atapeza njira yopulumutsira mwana popanda kutsutsana ndi munthu. Lezala likasowa lero, mawa mwana atuluka, anthu amuona, nkhani yatha.

5. Dzanja

"Unapita kukagula ku Lusaka?" anafunsa a Tereza iye akulowa. Anali atakonza kale zonse: beseni la madzi ofunda, tinsalu tong'ambang'amba, ndi mankhwala akuda opaka pabala ali m'kachibekete.

Mwaiwathu anagwada napereka ndalama ija.

"Malezala atha, azakhali."

Aka kanali koyamba kuwanamiza chibadwire. A Tereza sanamukayikire n'komwe.

"Tauni yanji yosowa ndi lezala lomwe? Mafakitale mbwee, utsi tsiku lonse, koma kanthu kometera ndevu kulibe." Anadzuka akugwira m'chiuno. "Palibe kanthu. La atate ako lilipo."

Anapita kubafa. Anabwerako ndi lezala limene a Hamilton ankametera, lija linkakhala pawindo. M'mphepete mwake munali dzimbiri, ndipo tinali titamatirira titsitsi ta ndevu. Analiviika m'beseni, nalipukuta pachitenje.

Mwaiwathu analiyang'anitsitsa lezalalo. Bodza lake silinachotse lezala m'nyumba. Linangochotsa latsopano n'kubweretsa lakale.

"Iwe Lilly, mugwire mwana bwino. Taonani kunjenjemera! Ugwetsa mwana iwe. Mwaiwathu, sendera kuno. Gwira dzanjali, ulitambasule, zala ziyang'ane kwa ine. Ukaona magazi usakuwe."

Mwaiwathu anasendera ndi maondo. Anatenga kadzanja kaja. Kanali kofunda, kofewa, kosadzaza n'chikhatho chomwe. Kuwala kwa pawindo kunagwera pa zala ziwiri zija, ndipo pakhungu lozilumikiza anaona kamzere kofiira, kochepa ngati ulusi. Mwanayo ali m'tulo anafumbata chala cha Mwaiwathu.

Mwaiwathu anaika dzanja lake lina pamwamba, nakavundikira kadzanjako.

"Ndati tambasula," anatero a Tereza.

Sanatambasule.

"Kodi wagontha?"

"Ayi, azakhali." Mawu anatuluka aang'ono, ngati a munthu wina. "Malezala sanathe. Alipo pagolosale. Ndanama ine, sindinafune kugula."

A Tereza anatsitsa dzanja pang'onopang'ono. "Wati chiyani?"

"Ndanama, ndipo ndalakwa. Ndimaopa kukuuzani zoona. Azakhali, musadule. Zala izi si zomata ngati mapepala. Pakatipa pali mtsempha, ndauona, mwina ndi umodzi wodyetsa zala zonse ziwiri. Mwina ndi fupa lomwe n'logwirana, ife sitingaone ndi maso. Mukadula, magazi a khanda ndi ochepa. Akapulumuka, khungu silikwana, chala chikhoza kuuma. Si chimodzimodzi ndi kumanga ulusi."

"Tamverani! Dokotala wabadwa m'nyumba ya mlongo wanga."

"Sindine dokotala. N'chifukwa chake ndikuti tipite kwa madokotala. Iwo amadikira mwana akule, amayamba aona mafupa. Ndipo alamu sanalakwe." Apa mawu ake anakwera, iye mwini n'kudabwa. "Zala zimapangika mimba ili ya miyezi iwiri. Timaselo ta pakati pa zala timayenera kulandira uthenga woti tichoke, ndiye apa uthengawo sunagwire. Basi. Mwanena nokha kuti anadya bakha mimba ikuoneka. Nthawi imeneyo dzanja ili linali litapangika kale."

Lilly anadzutsa mutu. "Mulamu," ananong'ona, "kamba futi, bwereza. Si bakha?"

"Si bakha, alamu. Ngakhale mukadadya nyemba zokhazokha."

Lilly anayamba kulira, koma kulira kwake kunali kwina. Anamukokera mwana pachifuwa. Mwaiwathu anasendera naye limodzi, osasiya kadzanja kaja.

A Tereza anawayang'ana onse awiri. Nkhope yawo sinali yaukali wokha.

"Mwaiwathu, amako atamwalira unali ndi zipere mutu wonse. Ndani anakuchiritsa? Unkakodza pamphasa mpaka uli ndi mano achikulire. Ndani ankachapa, osauza munthu? Ndinakana kuti ukwatiwe ndi mwana wa a Gershom a kumudzi kuja, ndinati uyu apite kusukulu. Sukulu yake ndi imeneyi? Yondinamiza, n'kudzandiphunzitsa pamaso pa mtengwa? Ukuganiza kuti ine mwanayu ndikumuda?"

"Ayi, azakhali. Mumamukonda. Inenso munandikonda, sindidzaiwala." Misozi inali ikutsika, koma analibe dzanja loipukutira. "Koma dzanjali sinditsegula."

Panja panamveka belu la njinga. A Hamilton anali ataweruka.

"Alongo!" anaitana a Tereza, lezala likadali m'manja. "Bwerani mudzamve zimene mwaphunzitsa mwana wanu."

A Hamilton anafika ndi njinga yomwe mpaka pakhomo la chipinda, chipewa cha kuntchito chili kumutu. Anaima pamenepo, popeza mwamuna sapitirira. Anaona beseni, anaona lezala lawo, anaona mwana wawo wamkazi atagwada, manja ake awiri atatsekera dzanja la mdzukulu wawo.

"Ndamva mawu ndili kumsewu," anatero. "Ndani akukweza mawu m'nyumba muno?"

Mwaiwathu anali asanawayang'anepo atate ake m'maso. Anawayang'ana.

"Ndine, atate. Ndakana kuti mwanayu adulidwe ndi lezala. Ndikupempha kuti apite kuchipatala akamuone, zala zili chomwechi. Anthu akaseka mawa, aseke, ndidzamunyamula ndine. Ngati ndachita mwano mundilange, koma mundilanga ndili chigwirire dzanja ili."

A Hamilton anatsamiritsa njinga kukhoma, anavula chipewa, nawerama n'kuyamba kumasula zingwe za jombo zawo kuti alowe m'chikutamo.